Mwana wa mnzako ngwako yemwe: Alleluya Band ndi ana amene inalera

Kuno kuchigwa, kuyambira ku Golomoti kudzera pa Mua mpaka ku Mtakataka, mwambi woti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye, umamveka kwambiri maliro akatha. Anthu akabalalika, akuluakulu amatsala pansi pa mtengo kukambirana za ana amene asiyidwa. Azakhali amayamba kunena za nkhokwe yawo kuti chaka chino sinadzaze, amalume nawo akuti ali kale ndi ana awo pasukulu. Nkhani ikafika pothina, gogo wina amene wakhala ali duu amaponya mwambiwu, ndipo nthawi zambiri umathetsa mlandu. Chimene chimandikoka mtima n'choti mwambiwu supempha chifundo chokha. Umanena poyera kuti pali phindu: mwana amene ukumulera lero adzagwira chake tsiku lina, ndipo dzanja lako lidzalowa m'mbale yomweyo. Makolo athu sankachita manyazi kulankhula chomwecho, chifukwa ankadziwa kuti kulera mwana wa mwini ndi ntchito yolemetsa, ndipo munthu wotopa amafuna kumva kuti thukuta lake silikugwera pachabe.

Gulu loimba limene lakhala moyo wa mwambi umenewu kuposa ena onse m'dziko muno ndi Alleluya Band. Si yakwathu kuno, ndi ya ku Balaka. Koma kwa munthu wa kuchigwa kuno Balaka si kutali. Njanji imene inafika ku Salima m'zaka za m'ma 1930 imachokera komweko, n'kudzera pa Golomoti ndi pa Mtakataka, ndipo msewu wa M5 umayenda moyandikana nayo. Kutentha kwathu n'kumodzi, malambe ndi masawu n'chimodzimodzi, thonje tinkalima tonse. Tsono nyimbo za ku Balaka zitayamba kumveka sizinatifikire ngati za alendo. Zinkatsika m'minibasi limodzi ndi matumba a mchere ndi sopo, n'kukhazikika pakhonde la golosale ngati zobadwira pompano.

Bandiyi inayamba m'chaka cha 1978 pa parishi ya Katolika ya Balaka. Wansembe wachinyamata wochokera ku Italy, Bambo Mario Pacifici a chipani cha Montfort, anaona anyamata a pamalopo amene anali ndi luso loimba, mmodzi mwa iwo a Paul Banda, ndipo anawasonkhanitsa n'kuwapezera zida. Kuti timvetse kukula kwa zimenezi tiyenera kukumbukira momwe zinthu zinalili nthawi imeneyo. Wailesi inali imodzi yokha, ya MBC, ndipo woimba wofuna kumveka ankayenera kukajambulitsa kumeneko. Bungwe la boma lounika nyimbo, mabuku ndi mafilimu linkasefa mawu alionse. Mabandi okhala ndi magitala amagetsi, ng'oma zachizungu ndi zokuzira mawu anali a m'tauni, oimba m'mahotela ndi m'maholo a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kalimba, imene inadzatchuka ndi nyimbo ya Sometimes I Wonder kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, inali ya dziko limenelo. Kumudzi kunali banjo, ndi mabandi a jazi a zida zopanga okha, monga mmene a Allan Namoko ankaimbira ndi Chimvu River Jazz Band.

Banjo imeneyo aliyense wokulira kuchigwa kuno amaidziwa. Mnyamata amatola chigubu cha mafuta ophikira kapena chitini chachikulu, amasema thabwa kukhala khosi lake, n'kuboola mabowo a zichiri ndi msomali wootcha pamoto. Nsambo amazisomphola ku waya wa mabuleki a njinga, kapena kupempha ulusi wa mbedza kwa asodzi a kunyanja. Akamanga nsambo zinayi amakhala pa chulu madzulo, mbuzi zikudya, akupotokola chichiri pang'onopang'ono mpaka khutu lake livomere. Palibe amene anamuphunzitsa kuti nsambo iyi ilire motere; wangomva pawailesi ya oyandikana nawo, wasunga m'mutu. Zala zimachita matuza, kenako zimalimba. Ana otere akhala alipo m'mudzi uliwonse, ndipo ambiri a iwo luso lawo limathera pa chulu pomwepo. Ena makolo amawaphwanyira banjoyo ndi mawu oti zoimbaimba n'za anthu osafuna khasu. Ena amakula, amakwatira, chigubu chija n'kubwerera ku ntchito yotungira madzi.

Zimene zinachitika ku Balaka n'zoti munthu wamkulu, amene sanali bambo wawo kapena malume wawo, anamvetsera ana otere n'kuona kuti nkhaniyi ndi yaikulu. Kumupatsa mnyamata wa kumudzi gitala yamagetsi si kumupatsa chidole. Pamafunika chipinda chokhoma bwino, magetsi, munthu wokonza zokuzira mawu zikapsa, galimoto yonyamula zida, ndiponso ndalama yogulira nsambo imene yaduka Lachisanu pomwe Loweruka kuli zoimba. Pamafunikanso wina woti akalankhule ndi makolo kuti mwana wawo sakusochera. Zonsezi parishi inazisenza. Ndipo pofika 1983 mng'ono wawo wa a Paul, a Lucius Banda, amene anabadwa pa 17 Ogasiti 1970 m'mudzi wa Sosola, anali atayamba kuimba nawo ali ndi zaka 13 zokha.

Maimbidwe a Alleluya anachokera m'tchalitchi, ndipo zimenezi zimamveka ngakhale m'nyimbo zimene sizitchula dzina la Mulungu. Msonkhano waukulu wa Vatican wachiwiri, wa 1962 mpaka 1965, unali utatsegula khomo kuti Misa izichitika m'zilankhulo zathu, ndipo ng'oma ndi visekese zinali zitayamba kulowa m'nyumba zopemphereramo. Anyamata a ku Balaka anakulira m'makwaya a nthawi imeneyo. Anatenga kalumikizidwe ka mawu ka kwaya, wina pamwamba, wina pakati, wina pansi, n'kukaika pamwamba pa zida za bandi: gitala yotsogolera yolira mosaphokosera, besi yoyenda modekha mwa reggae, kiyibodi yodulira m'mipata, ndi ng'oma zosathamanga. Mawu ake anali a malangizo, onena za umasiye, nsanje, imfa, banja, umphawi ndi chiyembekezo. Munthu ankatha kuvina, komanso ankatha kungokhala pampando n'kumvetsera ngati ali pa ulaliki. Anthu anadzachitcha chamba cha Balaka, ndipo kwa zaka zambiri chamba chimenechi ndicho chinali nyimbo za Malawi m'makutu mwa munthu wamba.

Ine ndimaona kuti mphamvu yake inali pa kufatsa kumeneku. Mayi wa Chikatolika amene sakanalola mwana wake kuyandikira bala ankalola kaseti ya Alleluya kulira m'nyumba. Msilamu wogulitsa usipa pa msika ankaiimba nawo. A mpingo wa CCAP ankaiika pa ukwati. Nyimbo zinali za bandi ya magetsi, koma zinalowa m'makomo momwe bandi ya magetsi inali isanaloledwepo.

Kenako kunabwera 1992. Pa 8 Malichi chaka chimenecho kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi onse, kuphatikizapo athu kuchigwa kuno, ikudzudzula kusowa kwa ufulu wolankhula, kumanga anthu popanda mlandu ndi kusiyana kwa olemera ndi osauka. Kalatayo inasindikizidwa ku Balaka, pa makina a ansembe a Montfort, ndipo posakhalitsa malo osindikizirawo anatenthedwa. Anyamata a Alleluya ankakhala m'tauni yomweyo, pansi pa ansembe a chipani chomwecho; utsi umenewo unali wa pakhomo pawo. Dziko linavota pa referendamu ya pa 14 Juni 1993, n'kusankha boma latsopano pa 17 Meyi 1994. M'nyengo yomweyi a Lucius anapita ku Johannesburg kukajambula chimbale chawo choyamba, Son of a Poor Man, ndipo nyimbo ngati Mabala zinanena mokweza zimene anthu anakhala akunong'onezana kwa zaka 30. Dzina loti Soja linawakakamira kuyambira pamenepo, soja wa amphawi. Sindikhulupirira kuti kulimba mtima kumeneku kunangogwa kumwamba. Mwana amene waleredwa pamalo pomwe akuluakulu ake asindikiza kalata yoopsa chotero, n'kupirira zotsatira zake, amaphunzira kuti mawu ali ndi mtengo wake ndipo pali nthawi yoti munthu aulipire.

A Paul Banda anachita chinthu china chimene sichinamveke phokoso ngati nyimbo za mng'ono wawo, koma chinasintha dziko mofananamo. Anatsegula situdiyo ku Balaka, ya Imbirani Yahwe, imene anthu ankangoitchula kuti IY. Kuyambira pamenepo woimba wosauka sanafunikirenso kudikira pakhomo la wailesi ya boma kapena kulota za ku Joni. Ankakwera basi kapena sitima, n'kutsika pa Balaka ndi nyimbo zake m'kope. Mwana woleredwa uja anasanduka mlezi. Mayina amene anadzera m'manja a Balaka, ena m'bandi mwenimwenimo, ena mu situdiyo, ena ku Zembani Band imene a Lucius anayambitsa mu 1997, ndi ochuluka: a Charles Sinetre, a Coss Chiwalo, a Foster Chimangafisi, a Isaac Liwotcha, a Charles Nsaku, a Mlaka Maliro, a Billy Kaunda amene kwawo ndi ku Mzimba, a Wendy Harawa. A Paul Chaphuka anamwalira chimbale chawo cha Ndichiritseni chisanathe, ndipo anzawo a ku Balaka ndiwo anachimaliza n'kuchitulutsa. Imeneyo ndi ntchito ya pachibale, yofanana ndi kukolola munda wa malemu kuti ana ake asagone ndi njala.

Ife kuno tinkalandira zonsezi kudzera pa kaseti. Ndimakumbukira khonde la golosale masana a Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mwini golosale atayala mabatire padenga la malata kuti atenthedwe, akuti akatero amabwezeretsa mphamvu pang'ono. Sipika anaichotsa m'wailesi yakufa n'kuivundikira pakamwa pa mtsuko, kuti besi izimveka m'chifuwa. Kaseti ikafika kumapeto sankaibweza ndi makina, kuopa kutha mabatire. Ankalowetsa cholembera cha Bic pabowo n'kumaizunguza m'mwamba. Tepi ikatafunidwa ankaitulutsa mosamala, kudula pophwanyikapo ndi lezala, n'kulumikiza ndi utoto wa m'zikhadabo. Nyimbo inkadumpha pamalo pamenepo mpaka kalekale, ndipo ana a m'mudzimo ankaiimba ndi kudumpha komweko, osadziwa kuti pali mawu ena amene anatsalira pa lezala. Akabaza, amayi ochokera kuchigayo, anyamata odikira sitima, onse ankaima kaye pamthunzi mpaka nyimbo ithe.

Tsono pali mwambi wina umene umatsutsana ndi woyamba uja, ndipo nawonso ndi wa makolo omwewo: mwana wa mwini ndi gaga, saundika. Ungamufinye bwanji m'dzanja, ukatambasula amamwazika. Amene amayang'ana mbiri ya Alleluya ndi diso limeneli ali ndi umboni wokwanira. Pafupifupi aliyense amene anatchuka anachoka. A Lucius anachoka n'kukhala ndi bandi yawo. A Paul nawo anadzasiyira ena utsogoleri. Amene anabwera pambuyo anaimba, anadziwika, n'kuyamba kujambula m'mayina awo. Nthawi iliyonse wotchuka akachoka, anthu pa msika ankati basi, Alleluya yatha. Ndipo n'zoona kuti masiku ano ukafunsa wachinyamata wa pa Mtakataka za nyimbo za ku Balaka, atchula Soja msanga kuposa bandi imene inamuphunzitsa kugwira maikolofoni.

Koma ine sindiona kuchokako ngati kulephera. Alimi a mpunga ku sikimu ya Bwanje amadziwa kuti mbande siikhalitsa pa nazale. Ikafika msinkhu uyenera kuizula n'kukaiwokera kumunda, apo ayi imapanikizana n'kufa yosabereka, ndipo nazaleyo ntchito yake ndi kulandira mbewu ina. Mabandi ambiri m'dziko muno anamangidwa pa munthu mmodzi, mwini zida kapena mwini mawu, ndipo iye akadwala, akakangana ndi anzake kapena akamwalira, zida zimagulitsidwa, dzina n'kuzimirira. Alleluya yadutsa zaka 45 ikuimbabe chifukwa sinali ya munthu. Zida zinali za gulu, chipinda chinali cha gulu, ndipo wotchuka akatuluka pakhomo pankakhala kale mnyamata wina amene wakhala akunyamula masipika kwa zaka, akuonerera zala za wamkulu wake, akudikira tsiku loti amuuze kuti gwira besiyo. Kulola mwana kuchoka popanda temberero ndi mbali ya kulera imene ambiri timaikanika, ngakhale ndi ana obereka tokha.

Nanga kudya naye kuja, anadya ndani? Apa nkhani imawawa pang'ono. Makaseti a ku Balaka ankagulidwa kwambiri, ndipo ogulitsa a ku Limbe monga O.G. Issa ndiwo ankawafikitsa m'misika ya dziko lonse. Koma oimba ambiri a nthawi imeneyo akhala akudandaula kuti gawo limene linkawafikira linali lochepa poyerekeza ndi kutchuka kwawo. Makaseti atatha kunabwera ma CD, kenako makompyuta a m'misika, pomwe mnyamata amakudzazira nyimbo mazanamazana m'memore khadi pa mtengo wosakwana botolo la Fanta. Bungwe la Cosoma lilipo kuyambira 1992, lamulo latsopano loteteza eni luso linabwera mu 2016, koma pa benchi ya wobena nyimbo pa Golomoti zimenezi sizimveka kwenikweni. Taona oimba amene nyimbo zawo zinalira pa ukwati uliwonse akudwala n'kumapemphetsa thandizo pawailesi. Tonse tinadya nawo ana amenewa. Tinavina, tinatonthozedwa pa maliro, tinapeza mawu onenera mkwiyo wathu pa andale. Manja athu anachenjera potenga. Pobweza anachita dzanzi.

Palinso china chimene okonda chamba cha Balaka safuna kumva, koma n'choona. Chitatchuka, aliyense anafuna kumveka chimodzimodzi. Kiyibodi imodzi inayamba kugwira ntchito ya anthu asanu: ng'oma za m'makina, besi ya m'makina, malipenga a m'makina. Kujambula kunatsika mtengo, zimene zinathandiza osauka, koma nyimbo zambiri za kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ukazimva lero umalephera kusiyanitsa kuti iyi ndi ya yani mpaka woimba atatsegula pakamwa. Oimba ng'oma ndi magitala enieni anasowa ntchito mu situdiyo. Mlandu umenewu si wa Alleluya yokha, chifukwa iyo inapitiriza kuimba ndi zida zogwira ndi manja pamaso pa anthu, koma ndi mthunzi umene unatsatira kuwala kwake. Achinyamata a m'ma 2000 atatembenukira ku Black Missionaries ya ku Chileka, ndipo ena ku hip hop ndi dancehall, mbali ina ankathawa kufanana kumeneku.

Ndikaima pa Mua ndimaona nkhani yomweyi itavala malaya ena. Mishoni ya Mua inakhazikitsidwa mu 1902 ndi ansembe a White Fathers, ndipo kwa zaka zambiri panali kulimbana koopsa pakati pa mishoni ndi gule wamkulu. Wolowa kudambwe sankayandikira guwa. Koma mu 1976, zaka ziwiri zokha Alleluya isanabadwe, Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anthu kuno anawapatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a Kungoni. Anasonkhanitsa ana a eni, anawapatsa sompho ndi tchizulo, n'kuwalimbikitsa kusema nkhope za Yesu ndi Maria zooneka ngati anthu a kuno. Zosema za pa Mua zili m'matchalitchi a m'maiko ambiri, ndipo nyumba ya Chamare ikusunga zigoba za gule mazanamazana pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Osema ambiri anaphunzira pamenepo, ena anachoka n'kukayamba zawo m'mbali mwa msewu. Ansembe awiri achilendo, m'zaka zoyandikana, m'mbali mwa msewu umodzi, anachita zimene mwambi wathu umanena. Ndimawathokoza ndi mtima wonse, komabe zimandipweteka kuti mwambi ndi wathu pomwe ouchita mokwanira anachokera kutsidya kwa nyanja zamchere.

Chimene ndimalakalaka chikanachitika n'choti misewu iwiriyi ikumane kwambiri. Chamba cha Balaka chinamwa madzi ambiri ku Jamaica ndi ku South Africa, kwa oimba ngati Lucky Dube, kuposa m'zitsime za pafupi. Pomwe kuchigwa kuno, dziko la Inkosi Kachindamoto, kuli ngoma ya Angoni imene kugunda kwake kumachokera ku mapazi a amuna ogwira zishango. Kuli mbalule imene imalankhula ndi mapazi a gule, ndi mpanje woigwirira pansi. Pafupi ndi Mtakataka pali Mankhamba, pomwe panali likulu la a Kalonga a Amaravi. Ng'oma zakhala zikulira m'dera lino kwa zaka mazana angapo. Gule wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005. Chuma chonsechi chikudikirabe bandi imene idzachiike pa besi ndi pa gitala molimba mtima, osati ngati chokometsera cha alendo pakati pa pulogalamu, koma ngati msana wa nyimbo yeniyeniyo.

Moyo wa a Lucius unapitirira kukhala wa mapiri ndi zigwa. Anasankhidwa kukhala phungu wa kumpoto kwa Balaka mu 2004. Mu 2006 anamangidwa pa mlandu wokhudza satifiketi ya sukulu, anataya mpando, ndipo atatuluka kundende ya Zomba anatulutsa chimbale cha Cell 51 Maximum. Panali nthawi imene wailesi ya boma inasiya kuulutsa nyimbo zawo. Anabwerera ku Nyumba ya Malamulo mu 2014, ndipo pambuyo pake anakhala mlangizi wa Pulezidenti Lazarus Chakwera pa za achinyamata ndi luso. Anayambitsa Sand Music Festival, imene yachitika kambirimbiri pa mchenga wa ku Salima, pafupi ndi ife, ndipo magalimoto opita kumeneko ochokera kummwera ankadutsa pakhomo pathu. Ena amati ndale zinafooketsa liwu la Soja, ena amati anangosintha bwalo lomenyerapo nkhondo. Mkangano umenewo sudzatha msanga. Anamwalira ku Johannesburg pa 30 Juni 2024 atavutika ndi impso, ndipo anaikidwa kwawo ku Balaka. Pa zonse zimene zinanenedwa masiku amenewo, chimene chinabwerezedwa ndi oimba ambiri n'choti a Lucius anawatola ali opanda dzina, anawadyetsa, n'kuwaimika patsogolo pa anthu. Anachita kwa ena zimene anachitiridwa ali ndi zaka 13.

Ku Balaka ntchito ya Bambo Mario inakula kupyola bandi. Bungwe la Andiamo lili ndi masukulu, malo ophunzitsira ntchito zamanja ndi chipatala, ndipo Alleluya yakhala ikupita ku Italy kukaimba, maulendo amene amathandiza kupeza ndalama zoyendetsera ntchito zimenezi. Apa mwambi uja wakwaniritsidwa mooneka ndi maso: ana amene anapatsidwa magitala akuthandiza kugula mankhwala ndi mabuku a ana ena. Komabe nkhawa ilipo. Chinthu chimene mizu yake ina ili kutsidya chimagwedezeka abwenzi akutsidyako akakalamba kapena akatopa. Amalonda athu, maparishi athu, makhonsolo athu sanazolowere kuika ndalama pa mwana woimba popanda kufuna kuti dzina lawo lilembedwe pa ng'oma. Wina akagula zida amafuna anyamata akhale ake mpaka imfa, ndipo akafuna kuchoka amawalanda ndi malaya omwe.

Ana a banjo aja sanathe. Lero ena ali pa kiyibodi ya kwaya m'matchalitchi ang'onoang'ono a m'midzi, yolumikizidwa ku batire ya galimoto imene yatchajidwa ndi sola. Ena akujambula mawu pa foni m'chipinda chotchingidwa ndi mabulangete. Pa Golomoti pali malo aakulu opangira magetsi a dzuwa amene anayamba kugwira ntchito mu 2022, choncho vuto la magetsi silingakhale chifukwa mpaka muyaya. Chimene ana amenewa akusowa ndi munthu wamkulu woti azikhala nawo Lachitatu lililonse madzulo kwa zaka zisanu, kuwauza kuti besi yathamanga, kuti mawu awa ndi opanda mchere, kuti bwerezani. Ndipo atsikana, amene ndiwo amadzaza makwaya athu, kawirikawiri amaimikidwa kumbuyo kuti azivomera ndi kuvina. N'kamodzikamodzi kuona wina atapatsidwa gitala kuti aphunzire. Mbiri ya Balaka nayonso, tikaiwerenga moona mtima, ili ndi mayina ochepa a amayi.

Pali ntchito ina yofulumira kuposa zonsezi. Makaseti aja akufa. Kutentha kwa kuchigwa kuno kumamata tepi, chiswe chimadya timapepala ta m'kati pomwe pankalembedwa mayina a amene anaimba besi, amene anaimba ng'oma, amene anavomera. Nyimbo zimene zili pa YouTube ndi m'mafoni zambiri zilibe chaka, zilibe dzina la woimba zida, ndipo zina zalembedwa dzina la munthu wolakwika. Pa Mua tinaphunzira kuti chigoba cha gule chikhoza kusungidwa pamodzi ndi dzina lake, mudzi wake ndi tanthauzo lake, mwana wasukulu n'kubwera kudzaona. Nyimbo za Alleluya ndi za onse amene anatuluka m'manja mwake zikufunika chisamaliro chomwecho: kusonkhanitsa makaseti amene atsala m'masutikesi a anthu, kuwasamutsira pa kompyuta, ndi kukhala pansi ndi oimba akale amene akadali ku Balaka kuti anene yemwe anagwira chida chiti pa nyimbo iti, m'chaka chiti. Ophunzira a ku yunivesite amene amabwera ku Kungoni kudzafufuza za gule akhoza kupitirira ndi minibasi yomweyo mpaka ku Balaka, atatenga chojambulira mawu ndi kope.